Mbewu Inagona mu Sitolo Mvula Ikugwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mgodi unawalavula atate. Masiku amenewo boma linali kalikiliki kukonza zogulitsa migodi, ndipo m'komboni mwathu ku Kitwe sunkatha mwezi osamva kuti auje nawonso awauza kuti asabwerenso. Ife tinabadwira m'nyumba ya kampani. Babu likapsa, kampani inkadzasintha. Mpopi ukadontha, kampani. Ngakhale matewera a mwana wakhanda ankachokera ku chipatala cha kampani. Ine mpaka ndinkayesa kuti mvula nayonso ndi ya kampani. Ntchito itatha nyumba inatha nayo, ndipo tinakweza makama pa lole kupita ku Ndola, ku Kawama, kumene munthu wina wa kwathu ku Katete anatipatsa zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yake.

M'zipinda ziwirizo tinalimo atate, amayi, ine ndi alongo anga atatu aang'ono. Amayi anayamba kugulitsa matimati ku msika wa Masala, koma akazi a anthu ochotsedwa ntchito onse anaganiza za matimati tsiku limodzi, moti ogulitsa anachuluka kuposa ogula. Tinayamba kudya kamodzi patsiku. Atate ankadzuka m'mamawa monga mwa kale, kumeta ndevu, kuvala majombo awo a kumgodi, n'kukakhala pampando pakhomo mpaka dzuwa kuwathamangitsa.

M'nyengo yozizira malume anga, a Yohane, anabwera kuchokera ku Katete kudzalira maliro a wachibale wina. Anagona kwathu, anaona mmene tinkadyera, ndipo m'mawa wa tsiku lobwerera anaitana atate ndi amayi. Ine ndinali kutsuka mbale pafupi, makutu ali tcheru.

“Alamu,” anatero malume, “sindinabwere kudzakunyozani, tsoka silinunkha. Koma mbumba iyi ndi yanga. Chaka chamawa pokolola, ngati m'nyumba muno mudzakhale momwemu, Esinala ndidzamutenga. Pakamwa pamodzi pakachoka, enawa adzapumako.”

Kwa ife Achewa mawu a malume pa ana a mlongo wake sabwezedwa. Atate anangoyang'ana majombo awo. Ine Katete ndinkangomumva m'nkhani. Chimene ndinkadziwa n'chakuti sukulu kumeneko inali kutali, ndipo ana aakazi a malume onse analekera panjira. Ine ndinali kuyembekeza kudzalemba mayeso a giredi seveni chaka chotsatira, ndipo m'kalasi mwathu munalibe wondipitirira pa masamu. Ndinachita mantha kwambiri.

Thandizo linabwera kudzera kutchalitchi. Bungwe lina losakhala la boma linalengeza pa Misa kuti likufuna kuthandiza mabanja a anthu ochotsedwa ntchito kuti azilima okha chakudya. Linapeza malo kunja kwa komboni, pafupi ndi dambo, ndipo linatumiza mlangizi, mayi wa Chibemba wamfupi woseka kwambiri, amene tonse tinkamutcha Ba Mwansa. Ankabwera pa njinga yamoto. Iye ankati Ndola sangapitirize kudya zochokera kutali pamene dothi lili pamphuno pake. Gulu lidzalima chimanga chocha msanga, nyemba ndi nsawa, lidzadya, lidzasungako mbewu ya chaka china, zotsala lidzagulitsa ku Masala.

Atate anatsitsimuka ngati ndiwo zothiriridwa. Ba Mwansa anaphunzitsa gulu kukumba timaenje tobzalamo nthawi ya chilimwe, kuti mvula yoyamba ikagwa madzi asathawe. Abale inu, kuuza munthu wa kumgodi kuti akumbe! Dothi la Okutobala linali gwa, koma azibambo a m'gulumo, ambiri ochotsedwa kumigodi ngati atate, analisambula ngati akusewera. Anadzigawa m'mashifiti. Sikisi koloko wina ankaimba wenzulo, onse n'kuyamba pamodzi, ndipo wochedwa ankadzudzulidwa pamaso pa anzake. Mizere inawongoka moti anthu odutsa ankaima kuti aonerere. Posankha mkulu wa gulu onse analoza atate, chifukwa zaka zonse za kumgodi a Banda sanapezekepo ndi mlandu wophwanya lamulo. Mbewu itafika inaikidwa mu kasitolo ka kutchalitchi, ndipo kiyi anapatsidwa iwo.

Tsiku limenelo Ba Mwansa ananena momveka bwino, ine ndinalipo. “Mvula ikagwa yokwanira, bzalani. Ine ndili ndi magulu ena kutali kumidzi, ndidzakupezani.”

Mvula inagwa mu Novembala, yamphamvu, yogwetsa mango. Fungo la dothi linalowa mpaka m'nyumba, inswa zinatuluka, ndipo amayi, amene anakulira kumudzi mpaka kukwatiwa, anabwera kuchokera kumunda matope ali m'miyendo.

“Atate ake Esinala, dothi lamwa. Ndapisa dzanja m'dzenje mpaka chigongono. Tsegulani sitolo tibzale.”

“Wanena kuti yakwana ndani?” anafunsa atate.

“Ndanena ndine.”

“Iwe sindiwe wa bungwe. Mbewu ija si yathu, ndi ya eni ake. Tikabzala mvula n'kudula, mbewu n'kupsa, adzafunsa ndani? Adzafunsa wa kiyi. Abwere kaye Ba Mwansa aone munda.”

Amayi anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Sinali nthabwala. Mvula inagwanso, inagwanso, ndipo kiyi anali chikhalire m'thumba la shati la atate. Azimayi a m'gulu anayamba kubwera pakhomo pathu awiriawiri, ena kuchonderera, ena kulalata m'Chibemba. Koma amuna awo ambiri anali kumbali ya atate. Iwo ankati a Banda akuchita bwino, ntchito siyambika woyang'anira asanayendere malo. Madzulo ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi, kuyang'ana mitambo, kugwedeza mitu, n'kubalalika.

Musaganize kuti atate anangokhala. Anayenda wapansi kuchoka ku Kawama mpaka ku Itawa kumene kunali ofesi ya bungwe, mvula ikuwakwapula. Anauzidwa kuti Ba Mwansa ali kumidzi ndipo misewu yaduka. Mnyamata wina wa mu ofesimo anawauza kuti, “Atate, kabzaleni basi, mukudikira chiyani?” Atate anabwerera kunyumba ali chinyowere n'kutiuza kuti mnyamatayo anali wa zogawa mabuku m'masukulu, sanali wa chigawo chathu, ndiye mawu ake sakanawateteza pa mlandu. Amayi anaponya chikho pansi. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

Ine tsiku lililonse pochokera kusukulu ndinkadzera kumunda. M'minda ya anthu ena chimanga chinali chitafika m'mawondo. M'timaenje tathu tokongola tija munkamera udzu ndi chisoso. Ndinkaima pamenepo yunifolomu ili m'thupi, ndikuona ngati kadzenje kalikonse kakundikankhira ku Katete. Tsiku lina ndinawapeza atate ali okha kumundako, akuzula udzu m'maenje opanda mbewu. Mtima unandiwawa mpaka ndinaiwala mwambo.

“Atate, kodi mukufuna kuti ndipite kwa malume?”

Anawongoka pang'onopang'ono. Ndinayembekeza mbama, koma iwo anapukuta manja pa buluku n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

“Esinala, pansi pa mgodi, mabomba akaphulika, palibe amene amalowa. Bosi wa shifiti amayamba yekha, amagogoda denga ndi chitsulo, amamvera kalilidwe kake. Akati lowani, mumalowa. Ndinali ndi mnzanga, Lazaro, wa ku Petauke. Tsiku lina bosi anachedwa. Lazaro anayang'ana denga, anati lili bwino, tikutaya nthawi, n'kudutsa chingwe chotchinga polowera. Anandiitana. Ine ndinati ndidikira. Tinamutulutsa m'thumba, mwanawe. Iwe unali m'mimba nthawi imeneyo.”

Kenako anati, “Ndili moyo chifukwa chodikira. Njira ina sindiidziwa.”

Ndinawamvera chisoni, ndipo mkwiyo wanga sunachepe ngakhale pang'ono. Zonse ziwiri zinakhala mumtima umodzi. Tinazula udzu limodzi mpaka mvula inatibalalitsa.

Ba Mwansa anafika Khirisimasi itadutsa, njinga yake ili matope okhaokha, iye atawonda ndi malungo. Anatsikira kutchalitchi akumwetulira, akufunsa ngati tayamba kupalira. Atate anatulutsa kiyi n'kutsegula sitolo monyadira ndithu, kuti aone kuti matumba onse alipo, palibe ngakhale njere yosowa. Ba Mwansa anaima pakhomo paja, kenako anakhala pansi pa thumba limodzi n'kugwira kumutu.

“Ba Banda, mwe bantu,” anatero motsitsa mawu, “mbewu iyi tinakupatsani. Ndi yanu. Ikanapsa, ikanapsa yanu, palibe akanakufunsani.”

“Zathu sizikhala ndi kiyi wa kutchalitchi, mayi,” anayankha atate mwaulemu. “Ndipo simunabwere kudzaona malo.”

Mayi uja sanawakalipire. Anawayang'ana azibambo onse aja, ali chilili m'majombo awo, manja kumbuyo ngati akudikira kuwerengedwa, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamenepo pamene anazindikira anthu amene ankagwira nawo ntchito. Iye anazolowera alimi a kumidzi, amene ukawapatsa mbewu m'mawa, madzulo ili kale m'dothi. Anangoti, “Tiyeni, lowani m'munda.” Ndipo analowadi. Anabzala munda wonse mwa liwiro lodabwitsa, wenzulo ikulira, mvula ikuwagwa pamsana, atate ali patsogolo.

Koma nyengo siimva wenzulo. Chimanga chinamera bwino, chinakula mothamanga, ndipo chitangoyamba kumasula ngayaye mvula inatsanzika. Ndinkapita kukachiona chikupota masamba masana. Ndinapemphera makorona ambiri mwezi umenewo kuposa moyo wanga wonse. Zinsonkho zinatuluka zazifupi ngati chala chachikulu cha munthu, njere zake patalipatali. Nyemba zinayesako, nsawa zambiri zinali mphwephwa. Zimene tinagawana sizikanatifikitsa ngakhale pa nyengo yozizira.

Malume sanachedwe. Anabwera, anayang'ana kathumba kamene kanali pangodya, sananene mawu oipa kwa wina aliyense. Amayi analongedza zovala zanga m'chikwama cha pulasitiki akulira mwakachetechete. Mabuku anga ndinawanyamula m'manja. Ba Mwansa atamva anabwera kudzapempha malume kuti andisiye ndilembe kaye mayeso, nalonjeza kuti chaka chotsatira mbewu idzaperekedwa pakhomo lililonse, m'manja mwa mwini wake, popanda sitolo kapena kiyi. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Mayi, zimenezo n'zabwino. Koma ana awa adya chiyani mawa?”

Atate anatiperekeza kokwerera basi. Anandinyamulira chikwama njira yonse, kudutsa Masala, pakati pa maminibasi ndi anyamata oitanira anthu. Nditakhala pampando wa pawindo iwo anaima panja pafupi nane, malume ali pakhomo la basi kukonza katundu. Ndinatulutsa mutu.

“Atate, ndidzabwera liti?”

Anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kunena kanthu, mwina mwezi, mwina kungoti posachedwa. Koma mawu asanatuluke anatembenuka n'kuyang'ana malume.

Ku Katete ndinakhalako mpaka ndinakula. Mayeso aja sindinalembe. Ndinaphunzira kubzala ndi mvula yoyamba, kusankha mbewu ndi kuipachika pa utsi, ndipo lero ndili ndi dimba langa kunja kwa Ndola limene limadyetsa ana anga ndi kuwalipirira sukulu. Bungwe lija linasunga mawu ake. Chaka chotsatira mbewu inafika pakhomo, amayi anabzala osafunsa munthu, ndipo munda womwe uja unalera alongo anga onse atatu mpaka anamaliza sukulu. Gululo lilipo mpaka pano, likuyendetsedwa ndi ana a azibambo aja. Ine ndekha ndi amene ndinagwera m'chaka chophunzirira.

Kwa nthawi yaitali ndinkati atate anandigulitsa chifukwa cha mantha. Tsopano ndafika pa msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndikuona mwina. Kampani inawapatsa nyumba, magetsi ndi mankhwala, ndipo posinthana nazo inawatenga ali mnyamata n'kuwaphunzitsa kuti kuganiza wekha kumapha. Powachotsa ntchito inalanda zonse zimene inawapatsa, koma phunziro limenelo inawasiyira. A bungwe anabwera ndi mtima wabwino, anabweretsa malo, mbewu ndi nzeru zolimira, ndipo zonsezo zinali zofunika. Chimene sanadziwe n'chakuti munthu akhoza kulandira munda wonse koma osakhulupirira kuti ali ndi mphamvu yonena kuti lero tibzale.

Atate anamwalira ndisanawafunse chimene ankafuna kundiyankha pa windo paja. Masiku ano a mabungwe akabwera kudimba kwanga kudzafunsa zimene alimi a m'tauni tikusowa, ndimawauza za madzi ndi za msika monga anzanga onse. Kenako ndimawapempha kuti akamapereka mbewu kwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuzidwa zochita, amuyang'ane m'maso ndi kumuuza kuti ngakhale italephera palibe adzamuimbe mlandu. Ena amalemba, ena amangomwetulira. Sadziwa kuti mawu amenewo akananenedwa mu Okutobala wa chaka chija, ine ndikanalemba giredi seveni.