Tsiku Limene Agogo Gondwe Anabwereka Manja Anga

Ndikakumbukira agogo Gondwe, limayamba kundifikira ndi fungo la girizi losakanikirana ndi utsi wa mbaula imene ankawotcherapo mbatata pakhonde pawo ku Chinsapo, uku akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka. Sanali agogo athu enieni. Anali aneba, kwawo ku Rumphi, ndipo anakalambira ku Kanengo akukonza makina a fodya. Pamene ine ndinkawadziwa, manja awo anali atayamba kunjenjemera, moti tiyi ankamwera m'kapu yosadzaza.

Ndili mu Sitandade 6, amayi anali ndi dimba la tomato kumtsinje, limene ankathirira ndi kapampu ka petulo. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, amalume pofuna kusintha oyilo anakakamiza ndi sipanala bawuti yotsekera kunsi kwa injini. Mutu wake unaduka, thunthu n'kutsalira m'kati, kachidutswa kokha kakusuzumira. Oyilo ankangodontha. Masiku awiri tomato sanalawe madzi, masamba n'kuyamba kufota. Amalume ankati aboolepo ndi msomali, koma amayi anakweza pampuyo pawilibala mpaka kwa agogo Gondwe, ine ndi amalumewo tikutsatira pambuyo.

"Mukanaboola mukanawononga mazinga amene bawuti imagwirapo, pampu yonse n'kutha ntchito," anatero agogowo.

Anatenga tchizulo yosemera zitsulo, koma inawapulumuka kawiri konse. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mutu udakagwirabe ntchito, koma manjawa anapuma kalekale."

Amalume anatambasula dzanja kuti alandire.

"Ayi bambo, inu mphamvu zanu taziona kale." Kenako anandiloza ine. "Iwe Tiyamike, ndimakuona ukuwalowetsera amayi ako ulusi pasingano. Tandibwereka manja akowo."

Tinaigoneka pampuyo cham'mbali. Anandiuza kuti ndidonthezere mafuta a mabuleki pabawutiyo, kenako anandipatsa mbatata yotentha, akuti tidye kaye, dzimbiri nalo limwe. Titatha, ndinacheka kamzera pakachidutswa kaja ndi kampeni ka sowo, thukuta likundilowa m'maso. Ndinaika tchizulo kumapeto kwa kamzerako moipendeketsa, n'kuyamba kumenya ndi kahamala molozetsa kumanzere.

"Osati choncho! Gogoda ngati uli pakhomo pa apongozi."

Amayi anaphulika kuseka, ngakhale kuti mtima unali kudimba. Ndinagogoda, ndinagogodanso, osaona kusintha kulikonse. Misozi itayamba kulengeza, ndinamva m'zala mwanga chinthu chikugonja. Kamzera kaja kanali katasuntha pang'ono.

"Yatembenuka!" ndinakuwa.

Kotsalako ndinapotokola ndi zala zokha. Amayi anaimba nthungululu mpaka amayi ogulitsa makala kumsewu anathamangira kudzaona, poganiza kuti kwabadwa mwana. Agogo anavundula m'chitini chawo chakale cha mkaka n'kupeza bawuti ina yofanana, ndipo dzuwa lisanapendeke madzi anali akuthamanga m'mizere ya tomato. Dengu loyamba kukolola amayi anandisenzetsa kuti ndikatule kwa agogo, koma iwo anandibweza nalo theka, akuti mmisiri ndine.

Lero ndimakonza injini za zigayo ku Mgona. Anthu akabwera ndi chitsulo chawo amasuzumira kumbuyo kwanga, n'kufunsa kuti, "Amayi, amisiri atulukako?"

Ine sinditsutsana nawo. Ndimangopukuta manja pachitenje, n'kunena kuti, "Tsitsani pansi tione. Chathyokera pati?"