Pemphero la Lachinayi

Amuna anga atachotsedwa ntchito yowotcherera zitsulo, anasiya kulankhula. Ankangokhala pakhonde pathu ku Katondo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndevu osameta, tiyi kuzizirira pambali. Ukawafunsa, yankho linali lomwelomwelo, palibe kanthu.

Ndinalimbana nawo miyezi inayi kuti akaonane ndi mlangizi wa za maganizo amene ankabwera pachipatala chaching'ono chapafupi nafe Lachiwiri lililonse. Iwo ankati mwamuna sakhuthula za kumtima kwa mlendo. Ine ndi pakamwa panga pomwepa ndinawatsimikizira kuti zam'chipinda chija sizituluka panja. Komanso mlangiziyo sanali mlendo kwenikweni. Anali mayi wa mumpingo mwathu, wophunzira ndithu, masatifiketi atatu ali pakhoma, kumwetulira kosatha.

Amuna anga anavomera, ndipo ndisaname, zinayamba kuyenda. Ulendo wachitatu anabwerako atameta, n'kundifunsa ngati mpopi wa kuseri unakonzedwa. Ndinakalirira kubafa ndi chimwemwe.

Lachinayi la sabata yomweyo kunali msonkhano wathu wa amayi kutchalitchi. Ikafika nthawi ya mapemphero, aliyense amatula chomulemera kuti tithandizane kupempherera. Tinagwada, titatsinzina. Mayi mlangizi uja anayamba ndi mawu ake otsekemera aja:

"Ambuye, kumbukirani bambo wina wa kuno ku Katondo, mmisiri wa zitsulo, amene ntchito inamuthera. Mukudziwa kuti wakhala akuganiza zodzichotsera moyo, ndipo chingwe anasunga kale kudenga. Mukudziwanso kuti amachita manyazi kuyang'ana mkazi wake kumaso."

Amayi onse anati ame. Inenso ndinati ame, mutu usanagwire. Kenako ndinamvetsa. Mumpingo mwathu wowotcherera zitsulo analipo mmodzi yekha, ngakhale mwana wa Sande sukulu ankadziwa. Nditatsegula maso palibe amene anandiyang'ana, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti onse azindikira.

Ndinamudikirira mayi uja pageti n'kumufunsa chifukwa chimene anaululira za amuna anga. Anayankha kuti dzina sanatchule, ndipo katundu wotere munthu sasenza yekha. Akulankhula choncho anandigwira dzanja, kumwetulira kuli pompo. Ndinalichotsa. Ndinamuuza kuti ngati katunduyo anamulemera akanandiitanira pambali ine mwini nyumba, kapena akanauza adokotala. Mulungu si gonthi, sanafunike kumvera limodzi ndi tchalitchi chonse. Mayi ameneyu anali wokoma mtima, aliyense ankatero, koma pachifuwa pake panali ngati lichero lobooka. Kodi kusukuluko anakaphunzirako chiyani?

Ndinathamangira kunyumba, nsapato kumanja. Amuna anga anali pakhonde. Ndinakwera pampando kuchipinda, ndinachipezadi chingwecho, n'kukachiwotcha pambaula osawauza kanthu.

Loweruka anthu anayamba kubwera. Akulu a mpingo ndi mabuku a nyimbo, amayi ndi zitenje zakumaliro, ena mpaka kukwera minibasi kuchokera ku Bwacha kudzaona munthu wofuna kudzipha. Amuna anga anawalandira mwaulemu, anaimba nawo nyimbo zonse, anawaperekeza mpaka pamsewu. Atabwerera anaima pakhomo, osakweza mawu ngakhale pang'ono.

"Mayi a ana, mwandivula pagulu."

Kuchipatala kuja sanapondekonso, kutchalitchi chimodzimodzi. Mayi uja anapitiriza ntchito yake bwinobwino, ndipo tikakumana pamsika amandifunsa kuti abambo akupeza bwanji. Ndimangomudutsa. Ena amandiuza kuti ndizithokoza, poti pemphero lija ndi limene linawapulumutsa. Aliyense wonena zimenezo ndimamufunsa ngati angalole kuti zake zipemphereredwe choncho, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Amuna anga ali moyo. Amapeza timaganyu towotcherera mageti ku Ngungu, amadya, amagona. Chaka chatha kunabwera mlangizi wina, bambo wofatsa amene anthu amati amamvetsera ndipo sayankhula za wina. Nditangoyamba kuwauza amuna anga za iye, ananyamuka n'kutuluka panja. Ndiye m'mawa uliwonse, akangopita kukasamba, ine ndimakwera pampando n'kupapasa kudenga, chifukwa akadzaganizanso zimenezo palibe amene adzamuuze.