Mapazi a Atate Pabwalo

Atate ankatsogolera alendo oyenda pansi m'tchire pa loji ina ya alendo oona nyama ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa. Akaona mapazi a nyama ankadziwa ngati ili ndi bala kapena yangokalamba. Chiuno chitawavuta, eni loji anawatumiza ku Lusaka, kumene madokotala anawaika mfundo yachitsulo. Ululu unatha, koma mwendo wa opaleshoniwo unatalikirapo kuposa unzake, mwina ngati kunenepa kwa chala.

Chala chimenecho chinatisowetsa mtendere pakhomo. Mvula inali itatha, misewu ikuuma, ndipo uthenga unali utabwera kuti galimoto ya loji idzawatenga alendo akayamba kufika. M'mawa uliwonse ankandiuza kuti ndisese pabwalo mpaka dothi lisalale. Kenako ankadutsapo, n'kutembenuka, n'kuwerama kuyang'ana mapazi awo.

"Sesanso, mwanawe."

Ndinkasesa ndikung'ung'udza. Anzanga apita kale kusukulu, ine ndili ndi tsache m'manja! Zinkandikwiyitsa kwambiri, mpaka tsiku lina ndinawafunsa ngati akufuna kudzalapo mpunga. Sanaseke.

Wokonza njinga wa pamsika anadula chidutswa cha tayala n'kuchikhomera pansi pa jombo ya mwendo waufupi. Chinachepa. Anawonjezerapo china, msana wa Atate unayamba kuwawa. Anachisenga ndi mpeni. Atate sankakhazikika: akhala pampando, anyamuka, azungulira nkhokwe, abwerera. Amayi ankati, "Bambo, mukuyenda bwinotu. Akuona ndani?" Ndipo zinali zoona, wongodutsa sakanaona kanthu. Ngakhale a kuchipatala anati opaleshoni inayenda bwino.

Tsiku la galimoto Atate anavala yunifolomu, nanyamula chikwama. Hutala italira kumsewu, anati ndisese kamodzi kokha. Anadutsa mofulumira ngati mmene munthu amachitira njati ikadzuka pafupi, nabwerera kudzayang'ana. Anandikodola n'kundionetsa ndi kamtengo: phazi lamanja lozama, lamanzere lokhula dothi pang'ono kutsogolo.

"Ndikanapeza izi ku Luangwa, ndikanawauza alendo kuti nyama iyi siifika Okutobala ili moyo."

"Koma Atate, inu si nyama."

"Anthu amene amayenda kumbuyo kwanga amakhulupirira miyendo yangayi."

Hutala inaliranso. Mtima unandiwawa, ndinafuna kufufuta mapaziwo ndi tsache. Iwo anakhala pansi, nayamba kumasula zingwe za jombo.

"Thamanga ukamuuze dalaivala asadikire."