Kugwadira Apongozi ndi Bondo Losoka

Bondo langa lamanzere linali ndi mwano kuyambira ndili kusekondale. Kafupa kozungulira ka pamwamba pake kankangochoka pamalo, kaya ndikutsika minibasi kaya ndikutunga madzi, ine n'kugwa ngati thumba la feteleza. Atandichita opaleshoni ku Lusaka n'kusoka mtsempha, ndinayamba mafizo, masewera olimbitsa mwendo, kuchipatala kwathu ku Kafue.

Mayi wa mafizo anali wachifundo zedi. Ankapinda mwendo wanga mpaka misozi, kwinaku akundifunsa ngati ndadya. Lamulo lake linali limodzi: "Osagwada, mwamvera? Olo kuchechi. Mulungu aziba za bondo yanu."

Mulungu ankadziwadi, koma apongozi ayi. Makolo a bwenzi langa, alimi a ku Shimabala, anali atatchula kale tsiku lodzandiona, ndipo mphekesera inali itawapeza yoti mwana wawo akufuna kukwatira wolumala. Azakhali anga, amene ankandilangiza, sanapsatire: "Uzapasa moni apongozi uli chiimire monga kondakita?" Mnyamatayo ndinkamukonda, ndipo ndinkaopa kumutaya. Iye anangoti, "Yesako chabe, sizatenga nthawi."

Tsikulo ndinabisa ndodo yanga yoyendera kuseri kwa chitseko, ndinavala chitenje chatsopano, n'kulowa ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ndinagwada. M'bondomo munayaka ngati athiramo tsabola, koma kafupa kanakhala pamalo pake. Nthungululu zinalira. Ndinawasambitsa m'manja onse, ndikumwetulira.

Vuto linali podzuka. Ndinayesa, mwendo unakana. Ndinayang'ana bwenzi langa. Iye, pokhala mwana woleredwa bwino amene sangakhudze mkazi pamaso pa makolo, anapeza chinachake chosangalatsa kwambiri kudenga. Amayi ake anakondwa: "Onani ulemu! Safuna na kunyamuka!"

Anandidzutsa ndi atate anga, nkhalamba yopuma pantchito ya njanji, yodwala msana. Anandigwira m'khwapa alendo akuona, azakhali atagwira pakamwa, n'kundikhazika pampando wawo womwe. Kenako anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Mwaona kuti mwana wanga amagwada," anatero. "Ife sitinaone ngati inu mumawerama."

Chakudya chitadyedwa, a ku Shimabala ananyamuka ndi mwana wawo, ndipo sanabwerenso. Bondo linatupa, mafizo tinayambiranso poyamba, mayi uja akundikalipira. Ndinalira masiku ambiri, koma kunena zoona ndinkalirira bondolo.