Maswiti a Pamfundo ya Chitenje

Ndinali ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya siwa pomwe achimwene anga a Patson anandiitanira pambali. Tinali titangobwera kumene kuchokera kumanda. Sanandiyang'ane kumaso.

"Jeni, alamu sakudzuka."

Anzanga, ndiyambire kumayambiriro, mwina mtima ungapepukeko.

Hilario ndinakumana naye pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kufupi ndi Nsaru. Anali kalipentala, anabwera kudzakonza madesiki. Anandipeza ndikuwerenga pakhonde, n'kundifunsa ngati bukulo limatha bwino. Ndinati sindinafike kumapeto. Iye anati ndikafika ndimuuze, chifukwa safuna kutaya nthawi ndi nkhani zomvetsa chisoni.

Desiki imodzi anaikonza sabata yathunthu.

Chaka chisanathe tinachita chinkhoswe. Makolo anatipatsa malo kwathu, iye n'kuyamba kuumba njerwa. Koma anayamba kuonda, ludzu losatha, usiku osagona n'kutulukatuluka. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, ndipo mapiritsi sangakwanire, ayambe kudzibaya insulini.

Ndinali naye tsiku limenelo. Anamwino anatiphunzitsa modekha: kusintha malo obaya, lero pamimba mawa pantchafu, ndi kusunga kabotolo pozizira. Poti analibe filiji, tinagula mtsuko, n'kuikamo mchenga wonyowa. Anati akabaya asachedwe kudya. Akamva thukuta, kunjenjemera kapena mutu kuzungulira, adye chotsekemera msanga. Ndipo anabwereza kawiri kuti anthu amene amakhala nawo adziwe.

Jakisoni woyamba ndinamubaya ndine. Munthu wogwira sowo tsiku lonse anatseka maso ngati mwana, kenako n'kuseka.

"Basi? Ndiye udzudzu wa kwanu umaluma kuposa apa."

Zonse anatsatira, kupatula chimodzi. Anakana kuti kwathu adziwe. Ankati mkamwini wodzibaya masingano anthu adzamuyesa wodwaladwala, apongozi adzayamba kundimvera chisoni ukwati usanachitike. Ndinamupempha kangapo. Ankangoti tidzawauza nyumba ikafoleredwa.

Maswiti omwe ankayenera kuyenda nawo m'thumba ankathera ana a pamsika. Ndiye ine ndinazolowera kumanga ena pamfundo ya chitenje changa, kuti ndikakumana naye ndimupatse.

Tsiku lija m'mudzi mwathu munamwalira mayi wina woyandikana nafe. M'mamawa a Patson anamuimbira foni kuti adzukulu akupita kukakumba manda. Mukudziwa, mkamwini sadikira kuitanidwa kawiri. Anali atabaya kale. Phala lake ndinakalipeza pambuyo pake lili m'poto, osalawa n'komwe.

Dothi linali louma. Anakumba kwambiri, akuti ankakana kulandiridwa khasu. Dzuwa litakwera anayamba kudzandira, thukuta lili kamukamu, akulankhula zosamveka. Pakati pa adzukulu panali pakuyenda kabotolo ka kachasu, ndiye aliyense anangoganiza chimodzi. Ena anaseka kuti alamu ofatsawa lero agwa nako.

A Patson anachita zomwe anaona kuti n'zachikondi. Sanafune kuti bambo ndi amalume aone mkamwini ataledzera kumanda. Anamunyamula n'kukamugoneka pamthunzi kuseri kwa tchire, namufunditsa jekete, kuti mowa ukatha adzuke yekha.

Ife amayi sitipita kumanda pokumba. Ndinafika ndi gulu masana, tikuimba. Ndinamuyang'ana pakati pa abambo, osamuona. Nditawafunsa a Patson ndi maso, anangogwedeza mutu kuti zonse zili bwino.

Anzanga... ndinaima pamenepo mwambo wonse, ndikuimba, maswiti ali m'chiuno. Iye ali kuseri kwa tchire, pafupi poti ndikanaitana ndi mawu wamba akanatha kundimva.

A Patson atandiuza, ndinathamanga wopanda nsapato. Ndinamupeza ali thapsa, thupi lozizira, akupuma movutika. Ndinamasula mfundo ija, koma ndinakumbukira mawu a anamwino akuti munthu wokomoka samudyetsa, angatsamwe. Ndinakuwa kuti ndi shuga, tipeze galimoto.

A Patson anagwada pansi.

"Shuga? Bwanji simunandiuze, Jeni? Sitolo ili apo... ndikanagula fanta."

Madokotala anayesetsa. Anati shuga anatsika kwambiri ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Anagona masiku angapo osatsegula maso. Ndinkamuwerengera buku pambali pa bedi, ndikudumpha masamba achisoni. Anatisiya Lachisanu lapitali.

Pamaliro ake mayi anandigwira dzanja nati akanadziwa, bwenzi akumuphikira phala m'mawa uliwonse. Anthu omwe ankawaopa aja ndi omwe akulira kwambiri. A Patson mpaka lero sakudya bwino. Ndawauza kuti sindikuwaimba mlandu, ndipo ndikunena zoona. Anabisa zomwe ankayesa manyazi a mlamu wawo, monga momwe mlamuyo anabisira matenda ake.

Ngati mwayamba kubaya insulini, musaiope, Hilario inamubwezera thupi ndi mphamvu. Koma idyani mukabaya, ngakhale akuitaneni mwachangu chotani. Ndipo uzani anthu amene mumalima nawo, kupemphera nawo, kukumba nawo manda. Tsiku lina mudzalephera kudzinenera nokha.

Nyumba yathu yafika pamawindo. Mtsuko uja ndinautenga, uli kuchipinda kwanga, mchenga wake wauma. Maswiti akadali pamfundo ya chitenje, sindinawamasulenso.