Vesiti Yachikasu pa Msika wa Lirangwe

Ndinali sitandade sikisi pamene aphunzitsi athu a Chingerezi analemba pa bolodi mawu oti conspicuously, n'kutiuza kuti Lolemba tibwere ndi tanthauzo lake. Mawuwo anandisowetsa mtendere. Ndinafunsa abambo, omwe ankanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, iwo n'kungoseka. "Chizungu changa chimathera pa sutikesi, mwanawe."

Loweruka tinanyamuka kukagula mbuzi ku msika wa Lirangwe. Abambo anatuluka m'nyumba atavala vesiti yawo yachikasu ya kuntchito, yowala yothobwa m'maso ija. Amayi anagwira m'chiuno. "Abambo ake Tiya, kumsika kulibe ndege. Anzanga a Mvano akakuonani aziti chiyani? Vulani." Anavula mwakachetechete n'kuiika m'jumbo.

Ine ndinali mwana wa miyendo yoyabwa, wosakhazikika. Titafika, ndinaima kuonerera wogulitsa kaunjika akuponya malaya m'mwamba, ndipo pocheuka ndinapeza makolo anga palibe. Ndinathamangira kwa ogulitsa mbuzi, ndinabwerera, ndinadutsa m'fungo la usipa ndi utsi wa chipisi, fumbi lili m'kamwa. Makondakitala ankakuwa kuitanira anthu a ku Zalewa. Bambo aliyense amene ndinamugwira malaya anali wa mwana wina. Njira ya kwathu sindinkaidziwa, ndipo mantha amene ndinamva tsikulo sindinawamvenso.

Kenaka, pamwamba pa mitu yonse ija, ndinaona chikasu. Abambo anali atakwera pa ngolo ya eni ake, atavala vesiti ija, akutembenuka pang'onopang'ono manja ali m'mwamba. Anyamata a kabaza ankafa ndi phwete, akuti ndege ikutera pa Lirangwe. Pambali pa ngoloyo panali amayi, omwe aja a m'mawa, akukuwa misozi ili mbwembwembwe: "Imirirani bwino, akuoneni!"

Lolemba aphunzitsi anati mawuwo amanena za chinthu chooneka poyera, chosiyana ndi zonse zochizungulira. Anangondiuza zimene ndinali nditaziona kale.

Kwathu timaphunzitsidwa kusadzionetsera, ndipo abambo anali munthu wamanyazi amene ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Pano ndi pamene ndimamvetsa kuti analolera kusekedwa ndi msika wonse kuti mwana mmodzi awaone. Anatisiya kalekale, koma ndikalowa m'chigulu cha anthu, maso anga amasakabe chikasu.