Dzina limene linamulemera Menik

Nthawi inali isanakwane seveni m'mawa, koma a Bu Karsinah anali atayamba kale kukankha matope pakhonde ndi tsache, nsalu atayikwinya mpaka m'maondo. Nyanja inali italowanso m'mudzi. Ana ankabwera pa kamlatho ka matabwa, masilipasi ali m'manja.

Khonde limenelo ndiye sukulu ya mkaka ya mudzi wathu, ndipo eni ake tonse timangowati Bu, kutanthauza mayi. Nyumbayo aithira dothi pansi kambirimbiri pothawa madzi, moti denga latsika. Akuluakulu amalowa chowerama, ana okha ndiwo amalowa ali chilili. Amuna awo a Bu anamwalira chaka chimene nyanja inameza maiwe a nsomba. Chiyambire pamenepo, masana amasenda nkhanu, m'mawa amakhala ndi ana.

Zilembo saphunzitsa kwambiri. Amaphunzitsa mwana kusiya dzanja la amake osagubuduka pansi, kudikira mnzake amalize kulankhula, kupempha akafuna kuchimbudzi. Koma chimene amalimbikira kuposa zonse ndi dzina. Kunyumba mwana wamkazi aliyense ndi Nduk, wamwamuna ndi Le, kapena ali ndi kadzina kake kosereula. Kusukulu ya kumtunda, kumene ana amapita akachoka pakhonde, aphunzitsi amaitana dzina la pa chikalata chobadwira. A Bu eniake ali mwana anaitanidwa Karsinah osadziwa kuti ndi iwo. Anawamenya ndi rula m'manja ati ndi mwano, ndipo sukulu inawatuluka mumtima tsiku lomwelo.

"Bagas Prakoso!" anaitana m'mawa umenewo.

"Ndilipo, Bu!"

"Ulipo ndi mamina akowo? Pukuta, Le, ungatimize. Madzi tili nawo kale okwanira."

Ana anafa nacho chiseko. Atafika pa kamtsikana kokhala kumapeto kwa mphasa, a Bu anatsitsa mawu n'kungoti, "Menik."

Menik akuleredwa ndi agogo ake, a Mbah Darmi, chifukwa amake ali ku Malaysia kuntchito ya m'nyumba. Amakewo anam'patsa dzina lokongola, Anindita. Koma khandalo linkangodwaladwala, mpaka agogo anati dzinalo lamulemera. Anaphika phala lofiira ndi loyera, anaitana anansi, namusintha kukhala Menik. Mwana anachira. Chikalata chokha ndicho chinatsala ndi dzina lakale.

Tsiku lomubweretsa koyamba, agogowo ananeneratu. "Dzina lija musalitchule pano, Bu. Tinalitula."

"Nanga kumtunda, Mbah? Kumeneko saitana Menik."

"Akaitane amene akumudziwa. Ine mdzukulu ndili naye mmodzi."

A Bu anakhala nazo mumtima miyezi ingapo. Akamuona Menik akugwira bwino choko, akuimba mokweza kuposa anyamata, ankakumbukira rula ija. Tsiku lina anamukhazika pamiyendo n'kumunong'oneza, ngati masewera, kuti ali ndi dzina lina la kusukulu, longa yunifolomu: ukalivala m'mawa, ukalivula pobwera.

Ataliitana mokweza koyamba, Menik anacheuka kumbuyo kufuna mwini wake. Anzake anamuseka. "Ndiwe, iwe! Ukuyang'ana nkhanu?" Patapita masiku anayamba kukweza kadzanja. Kenako tsiku lina anaimirira yekha, chifuwa patsogolo: "Ndilipo, Bu!" A Bu anatembenukira kukhoma ngati akukonza chithunzi, kuti ana asaone maso awo.

Mvula itayamba, Menik anatentha thupi. Kuchipatala anati ndi matenda a udzudzu, ndipo sanali yekha, ana ena a m'mudzi anagonekedwanso. Koma a Mbah Darmi anabwera pakhonde ana ali pamphasa. Sanawerame kuti alowe. Anaima panja, madzi ali m'akakolo.

"Akubwebweta dzina lija, Bu. Analimva kuti?"

A Bu sanabise. "Kwa ine, Mbah."

"Ndinakupemphani. Inu mulibe woti mungamuike m'manda, n'chifukwa chake."

A Bu mwana anali naye, anamuika kalekale asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo manda akewo nyanja inatenga. A Mbah Darmi ankadziwa. A Bu anangogwira tsache.

Menik anachira, ngakhale anabwerako ataonda ngati kamtengo. Pakhonde sanapondenso. Makolo ena awiri anachotsanso ana awo osanena chifukwa. Malo a kumapeto kwa mphasa a Bu sanakhazikepo wina. Nthawi yomweyo mapazi awo, amene akhala m'madzi amchere zaka zonsezi, anatupa n'kuchita zilonda. Kamlatho kanayamba kuwakanika.

Bagas wa mamina uja ndi mwana wanga. Sabata yamawa akuyamba kumtunda, kalasi imodzi ndi Menik. Dzulo ndinapita kukawaonetsa a Bu yunifolomu yake. Ndinawapeza akusenda nkhanu, mapazi atawasanjika pa chidebe. Anaisisita kolala, anamuseka Bagas kuti kabudula wamukulira moti alowamo ndi bambo ake omwe. Kenako anamutuma akatunge madzi kuti titsale awiri.

"Mwina dzina lija linamulemeradi Menik," anatero, maso ali pa nkhanu. "Ine sindikudziwa, Nduk. Ndimangofuna asakamenyedwe m'manja."

Ndinawauza kuti masiku ano samenya. Anagwedeza mutu. "Samenya, koma anzake akaseka. Mwana akangochita manyazi tsiku loyamba, mawa lake amati m'mimba mukupweteka."

Anapukuta manja pansalu n'kundigwira pamkono.

"Lolemba ukamusiya Bagas usafulumire kubwerera. Ukaime pawindo, poti agogo ake a Menik asakuone. Akaitana Anindita, ukamvetsere. Akayankha, udzandiuze. Akapanda kuyankha, udzandiuzebe, usadzandinamize."